Crystal Shawanda: mmene woyimba wa ku Wiikwemkoong analowera mu country ya Nashville n'kutulukira mu blues

Mu 2008 chimbale choyamba cha Crystal Shawanda, Dawn of a New Day, chinalowa pa nambala 16 pa mndandanda wa magazini ya Billboard wa zimbale za country ku United States, ndipo kwawo ku Canada chinafika pa nambala 2 pa mndandanda wa country wa kumeneko. Anali ndi kontirakiti ndi kampani ya nyimbo ya RCA Nashville, ya mumzinda wa Nashville umene ndi likulu la country, kanema wa nyimbo za country wa CMT anali ataonetsa kale pulogalamu ya magawo 6 yotsata moyo wake, ndipo nyimbo yake ya You Can Let Go inkamveka m'mawailesi a maiko awiriwa. Chaka chotsatira anachoka ku RCA. Mu 2021 analandira mphoto ya Juno, yomwe ndi yaikulu pa zoyimba ku Canada, koma ya chimbale cha blues.

Ambiri amaifotokoza nkhaniyi ngati ya mtima basi, kuti mayiyu ankakonda blues kuyambira kale ndiye anangobwerera kumene mtima unali. Zoona zilimo. Koma kuti munthu amvetse bwino, ayenera kuona kumene ndalama zimalowera ndi kumene zimatulukira mu nyimbo ziwirizi, ndiponso amene amagwira kiyi wa chitseko. Mu country kiyi ali ndi wailesi. Mu blues kiyi ali ndi anthu amene abwera kudzaonera.

Kumene anachokera

Shawanda anabadwa mu 1983 ku Wiikwemkoong, kum'mawa kwa chilumba cha Manitoulin pa nyanja ya Huron, m'chigawo cha Ontario. Palibe chilumba china cha pa nyanja ya madzi opanda mchere chimene chimaposa Manitoulin kukula. Msewu wolowera pachilumbapa ndi umodzi wokha, wodutsa pa mlatho wopapatiza wa ku Little Current pamene galimoto zimadikirirana, ndipo nyengo yotentha mlathowo umatembenuzidwa ola ndi ola kuti mabwato adutse. Eni nthaka a kumeneko ndi a Anishinaabe, a mitundu itatu: Ojibwe, Odawa ndi Potawatomi, ndipo Shawanda ndi mmodzi wa iwo. Mu 1862 boma la atsamunda litabwera ndi pangano loti chilumbachi chiperekedwe kwa azungu odzalima, mafumu a ku Wiikwemkoong anakana kusaina, ndipo mpaka lero dera lawo limadziwika kuti ndi nthaka imene sinaperekedwe.

Wina angadabwe kuti mwana wa kumeneko anakula bwanji ndi nyimbo za azungu a kumwera kwa United States. Kwa eni nthaka a ku Canada, country si mlendo. Usiku mawailesi a AM amamveka kutali kwambiri, ndipo wailesi ya WSM ya ku Nashville yakhala ikuulutsa pulogalamu ya nyimbo za country imene inadzatchedwa Grand Ole Opry kuyambira 1925. Gitala inali yotsika mtengo, nyimbo zambiri zimatheka ndi makodi atatu (kodi ndi manoti angapo olizidwa pamodzi), ndipo nkhani zake ndi za umphawi, mowa, ndende, kusiyidwa ndi kulakalaka kwanu. Panalinso china cholemera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880 mpaka 1951, lamulo la Indian Act linkaletsa miyambo ingapo ya eni nthaka, ndipo ana pafupifupi 150,000 anatengedwa kupita kusukulu zogonera komweko kumene ankalangidwa akayankhula chinenero chawo. Ng'oma ya makolo inkabisidwa, koma gitala ndi vayolini palibe ankaziletsa. Boma la Canada linapepesa za sukuluzi pa 11 June 2008, mwezi womwewo umene chimbale cha Shawanda chinatuluka ku Canada.

M'nyumba mwa Shawanda makolo ankamvera Loretta Lynn ndi Patsy Cline, pamene mchimwene wake wamkulu ankaliza Muddy Waters, B.B. King ndi Etta James. Bambo ake anali dalaivala wa thiraki, ndipo ndi amene anayamba kumutengera ku Nashville, ulendo wa makilomita oposa 1,500. Ali ndi zaka 13 anajambula chimbale chodzilipirira mumzindawo, ndipo ali ndi zaka 16 anasamukirako.

Sukulu ya m'mabala

Woyimba watsopano akafika ku Nashville sayambira ku kampani. Amayambira mumsewu wa Broadway, kumene mabala aima mondondozana ndipo bandi imayamba kuyimba m'mawa mpaka kudutsa pakati pausiku. Shawanda anazika mizu ku Tootsie's Orchid Lounge, bala yopakidwa penti yofiirira imene khomo lake lakumbuyo limayang'anana ndi Ryman Auditorium, nyumba imene Grand Ole Opry inkachitikiramo kuyambira 1943 mpaka 1974.

Ntchito yake imayenda chonchi. Tsiku limagawidwa m'mashifiti a maola anayi, ndipo bandi ikakwera pasiteji siipuma kwenikweni, chifukwa nyimbo ikangosiya anthu amatuluka kukalowa bala yoyandikana nayo. Malipiro ochokera kwa mwini bala ndi ochepa. Ndalama yeniyeni ili mu chidebe chimene chimazungulira pakati pa anthu, ndi mwa amene akupempha nyimbo yakuti atanyamula pepala la madola. Choncho woyimba ayenera kudziwa nyimbo mazanamazana pamtima. Oyimba zida amasinthasintha tsiku ndi tsiku, ndiye m'malo moyeserera amagwiritsa ntchito manambala: kodi iliyonse imatchulidwa ndi nambala ya malo ake mu kiyi ya nyimbo (msinkhu wa mawu umene nyimbo ikuyimbidwira), 1, 4, 5, 6, ndipo woyimba akangotchula kiyi, wa gitala amakweza zala kusonyeza anzake kumene nyimbo ikulowera. Ubwino wake ndi woti kiyi ikasintha, manambala sasintha. Mtsikana akapemphedwa nyimbo imene anayimba mwamuna, amangoikweza, bandi n'kutsata.

Sukulu imeneyi imaphunzitsa kuwerenga anthu, koma imawononga mawu. Kuyimba maola anayi pamwamba pa ng'oma ndi phokoso la oledzera kumapangitsa munthu kukankha ndi pakhosi m'malo mokankha ndi mpweya wa pamimba, ndipo mitsempha ya mawu ikatupa kawirikawiri imachita timfundo. Chizindikiro choyamba ndi kutaya mawu apamwamba oyimbidwa motsitsa. Amene amakhalitsa ndi amene amaphunzira kusankha kiyi yowakwanira, kusakaniza nyimbo zolemetsa ndi zopepuka, kumwa madzi, ndi kusayankhula mokuwa akatsika pasiteji. Mawu a Shawanda ndi okanda, amphamvu, ndipo pa Broadway mawu otere amaimitsa munthu wodutsa panja. Mu situdiyo ya country, monga tionere, mawu omwewo amasanduka funso.

Pali mfundo ya malamulo imene imakhudza oyimba ochokera ku Canada. Mwachizolowezi, kuti akagwire ntchito ku United States amafunika visa ya P-2, imene imadutsira ku bungwe la oyimba, imafuna makontirakiti a malo okayimbako, ndipo siipitirira chaka chimodzi. Koma potsatira pangano la Jay la 1794, lamulo la United States limalola munthu wobadwira ku Canada amene theka la magazi ake kapena kuposa ndi a eni nthaka kulowa, kukhala ndi kugwira ntchito popanda visa, bola aonetse kalata ya ofesi ya fuko lake ndi satifiketi yobadwira. Chitseko cha malire n'chotseguka ndithu. Cha maofesi a makampani a nyimbo a ku Music Row, ku Nashville, ndiye china. Shawanda wanenapo kangapo kuti mkulu wina wa kampani anamuuza kuti sakudziwa ngati okonda country angalandire woyimba wa eni nthaka, ndipo sakudziwanso mmene angamugulitsire. Anabwerera kwawo kwa kanthawi atasweka mtima, kenako n'kubwereranso ku Tootsie's, ndipo mu 2007 anasaina ndi RCA Nashville, nthawi imene Joe Galante ankatsogolera nthambi ya Sony BMG, eni ake a RCA, mumzindawo. Chimbale anachikonza ndi Scott Hendricks.

Zimene kontirakiti yaikulu imapereka, ndi zimene imadula

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Kampani ikasaina woyimba imamupatsa ndalama ya patsogolo, imalipira situdiyo, oyimba zida, vidiyo ndi gawo la maulendo. Zambiri mwa zimenezi si mphatso. Zili ngati feteleza ndi mbewu zimene kampani ya fodya imabwereketsa mlimi wa pa kontirakiti: pogulitsa, imayamba yadula zake, mlimi n'kuona zotsala. Kusiyana kwake n'koti ngongole ya woyimba siidulidwa pa mtengo wonse wa chimbale, koma pa kagawo kake kokha, kamene kwa woyimba watsopano kamakhala cha m'ma 13 mpaka 16 peresenti, ndipo m'kagawo komweko ndi mmene wokonza chimbale amatengamo zake.

Tingoyerekeza ndi manambala osavuta. Kampani yawononga madola 500,000. Chimbale chimapita kwa ogulitsa pa madola 10, ndipo gawo la woyimba ndi 14 peresenti, kutanthauza dola imodzi ndi masenti 40. Kuti ngongoleyo ithe, pafunika zimbale pafupifupi 357,000. Pofika pamenepo kampani yalandira madola oposa 3.5 miliyoni, woyimba sanaone kalikonse kupatula ya patsogolo ija, ndipo zojambulidwazo ndi za kampani.

Wopeka nyimbo ali pabwino. Pa zaka zimenezo lamulo la United States linkati kope lililonse la nyimbo likagulitsidwa, opeka alandire masenti 9.1, mtengo umene unakhala osasintha kuyambira 2006 mpaka 2022. You Can Let Go, nyimbo ya mwana wamkazi amene akuuza bambo ake kuti amusiye apite, poyamba pa njinga, kenako pa ukwati, pomaliza bambowo ali pafupi kumwalira, anaipeka ndi Cory Batten, Kent Blazy ndi Rory Lee Feek. Ndiye masenti aja amagawidwa patatu, n'kugawananso ndi makampani awo osindikiza. Chachikulu koposa n'choti mawailesi wamba a FM ndi AM ku United States amalipira opeka okha, kudzera ku mabungwe otolera ndalama za opeka monga ASCAP, BMI ndi SESAC. Woyimba amene mawu ake akumveka salandira ngakhale senti. Nyimbo ikhoza kuulutsidwa kambirimbiri dziko lonse, dzina n'kutchuka, koma cheke n'kupita kwa anthu atatu amene omvera sakuwadziwa nkhope. Ku Canada zinthu n'zosiyana, chifukwa kuyambira 1997 lamulo limapatsa oyimba ndi eni zojambulidwa kagawo ka ndalama za wailesi.

Wailesi ndi chitseko chopapatiza

Nthawi imeneyo, mpaka October 2012, mndandanda wa Billboard wa nyimbo za country unkawerengera kuulutsidwa pa wailesi kokha. Mawailesi owerengedwa anali oposa 100, ndipo pa iliyonse munthu mmodzi, mkulu wa mapulogalamu, ndi amene amasankha nyimbo zatsopano zolowa. N'chifukwa chake woyimba watsopano amayenda miyezi ingapo mzinda ndi mzinda, ali ndi wa gitala mmodzi ndi munthu wa kampani, kukayimba nyimbo zitatu m'chipinda cha misonkhano pamaso pa anthu asanu amene akudya chamasana. Nyimbo ikalowa, wailesi imaiyesa poimbira omvera foni n'kuwamvetsera kachidutswa ka masekondi ochepa. Ikapeza mamakisi otsika, imaichepetsa. Nthawi imeneyo, ikakhala masabata 20 n'kuyamba kutsika ili kunja kwa khumi zapamwamba, inkachotsedwa pa mndandanda.

You Can Let Go inathera pa nambala 21 ku United States. Kwa munthu wongoyamba, ndi ntchito yaikulu. Koma kwa kampani, nambala 21 ndi malo ovuta: nyimbo yadya ndalama zonse zokankhira, koma sinafike pamene imagulitsa zimbale mazana a zikwi. Zikatero maso onse amakhala pa nyimbo yachiwiri, ndipo yachiwiri ya Shawanda ku United States, My Roots Are Showing, sinalowe ngakhale mu 40. Nthawinso inali yoipa. Chuma cha dziko lonse chinagwa kumapeto kwa 2008, malonda a ma CD anali akutsika chaka ndi chaka, ndipo mu October chaka chomwecho Sony inagula gawo la Bertelsmann mu Sony BMG. Kampani ikamawerenga ndalama mosamala chonchi, woyimba wa nambala 21 sapatsidwa mpata wachitatu mosavuta.

Ndiye pali nkhani ya akazi. Mu May 2015 Keith Hill, mlangizi wa mawailesi, ananena poyera zimene ambiri ankachita mwakachetechete: kuti wailesi ya country ikafuna omvera ambiri ichepetse nyimbo za akazi kufika pa 15 peresenti ndipo isazitsatanitse. Anayerekeza amuna ndi letesi wa saladi, akazi ndi tomato wongowaza pamwamba. Anthu anakwiya, koma mindandanda ya zaka zimenezo imasonyeza kuti ankafotokoza mchitidwe umene unalipo kale. Malo a akazi akakhala ochepa chonchi, ndipo mwa ochepawo muli kale Carrie Underwood, Taylor Swift ndi Miranda Lambert, watsopano amalimbirana nyenyeswa. Akakhalanso wa eni nthaka, wa mawu okanda, aliyense wokayikira amapeza chifukwa chodikirira kaye kuti wina ayambe.

Ku Canada mphepo inali yabwinoko. You Can Let Go inalowa mu khumi zapamwamba m'masabata ochepa, mu 2009 Shawanda anatsegulira Brad Paisley ndi Dierks Bentley paulendo wawo, ndipo bungwe la Canadian Country Music Association linamusankha kukhala woyimba wamkazi wa chaka. Oyimba a kumeneko amathandizidwa ndi lamulo loti 35 peresenti ya nyimbo zotchuka pa wailesi zamalonda zikhale za m'dzikomo. Koma lamuloli lili ndi msampha wake. Nyimbo imayesedwa pa mfundo zinayi: wopeka chuni, wolemba mawu, woyimba, ndi malo ojambulira. Iyenera kukwanitsa ziwiri. Woyimba wa ku Canada akajambula ku Nashville nyimbo yopekedwa ndi anthu a ku United States, amakhala ndi mfundo imodzi yokha, ndipo nyimboyo siiwerengedwa ngati ya kwawo. Mbali zonse ziwiri za malire zikuphunzitsa chinthu chimodzi: peka wekha.

Kuima payekha

Mu 2009 Shawanda anachoka ku RCA, kenako anayambitsa kampani yake, New Sun Records, pamodzi ndi mwamuna wake Dewayne Strobel, amene ndi wa gitala wa bandi yake komanso wokonza zimbale zake. Chimbale cha country cha 2012, Just Like You, chinalandira Juno mu 2013.

Kukhala ndi kampani yako kumamveka kokoma, koma ndalama zonse zimatuluka m'thumba mwako chisanagulitsidwe chimbale ngakhale chimodzi: situdiyo, oyimba zida, kusakaniza mawu, kudinda ma CD, zithunzi, wofalitsa nkhani. Chovuta kwambiri mu country n'choti ulibe gulu la anthu oimbira mawailesi foni sabata ndi sabata, ndipo popanda iwo nyimbo siikwera. Cha m'ma 2012 ndi 2013 wailesi ya country inadzazanso ndi anyamata oyimba za mathiraki, mowa ndi maphwando. Mkazi wodziimira payekha, woyimba za misozi, anali kunja kawiri.

Mu 2014 anatulutsa The Whole World's Got the Blues. Iye wanenapo kuti nthawi yonse imene ankayimba nyimbo za Patsy Cline pasiteji, kunyumba ankayimba za Etta James.

Chimene chimasintha munthu akalowa blues

Nyimbo ya country ya pa wailesi imamangidwa ndi vesi, kolasi, vesi, kolasi, kamlatho (kachigawo ka chuni china kolumikizira), kolasi, m'mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono. Mawu aliwonse ayenera kumveka, chifukwa nkhani ndiyo katundu. Mu situdiyo amajambula mzere umodzi kangapo, n'kusankha malo abwino, n'kuwongola ndi kompyuta. Kukanda kwa pakhosi ndi kutsetsereka pakati pa manoti amakuchepetsa kuti nyimbo ikhale yosalala pafupi ndi zinzake.

Blues yachikhalire ili ndi zigawo 12, chigawo chilichonse kugunda kanayi. Mu kiyi ya E zimayenda chonchi: zigawo zinayi pa E, ziwiri pa A, ziwiri pa E, chimodzi pa B7, chimodzi pa A, ziwiri pa E, kenako n'kuyambiranso. Mzere woyamba wa mawu umayimbidwa, umabwerezedwa, wachitatu n'kuuyankha. Pa zigawo zinayi zilizonse woyimba amatenga pafupifupi ziwiri, zotsalazo n'kusiyira gitala, limba kapena harmonica kuti iyankhe. Kugunda kulikonse kumagawidwa patatu, kutalika kenako kufupika, ndipo ndi kumene kumachokera kudendekera kwake. Noti yachitatu, yachisanu ndi yachisanu ndi chiwiri zimatsitsidwa pang'ono, nthawi zina kufika pamalo amene pa limba palibe batani lake. Zimene situdiyo ya country inkachotsa m'mawu a Shawanda, kuno ndi zimene anthu amalipirira.

Oyimba ochokera ku country akalowa blues amalakwitsa zinthu zodziwika. Amagwera ndendende pa kugunda m'malo motsalira pang'ono kumbuyo, ndiye nyimbo imauma. Amadzaza mipata yonse ndi mawu, gitala n'kusowa poyankhira. Ndipo amakanda kuyambira mzere woyamba, moti pofika pachimake palibenso pokwerera. Wina akamvera zimbale za Shawanda motsatana amamva kuti mphamvu inalipo kuyambira pachiyambi, koma kudziletsa kunabwera pang'onopang'ono. Fish Out of Water ya 2016 inali ikadali ndi mwendo umodzi ku country. VooDoo Woman ya 2018 ndi kumene anakhala pansi n'kuyimba nyimbo za amayi amene anatsegula njira, Big Mama Thornton, Koko Taylor ndi Etta James. Chimbale chotere chili ndi ntchito yake: okonda blues amakayikira munthu wochokera ku Nashville, amamuona ngati wothawa kumene zamukanika, ndipo njira yowatsimikizira ndi kuyimba nyimbo zimene iwo amazidziwa noti iliyonse.

Blues inamupatsanso malo onenera zimene wailesi ya country sikanalandira. Pray Sister Pray ndi ya amayi ndi atsikana a eni nthaka amene anasowa kapena kuphedwa. Lipoti la apolisi a boma la Canada, a RCMP, la 2014 linawerenga anthu otere 1,181, ndipo kafukufuku wa boma pa nkhaniyi anachitika kuyambira 2016 mpaka 2019.

Si woyamba wa eni nthaka mu blues. Charley Patton wa ku Mississippi, amene anamwalira mu 1934, amanenedwa kuti anali ndi magazi a eni nthaka. Jesse Ed Davis wa ku Oklahoma anali wa gitala wa Taj Mahal kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ku Ontario komweko, dera la eni nthaka la Six Nations latulutsa Derek Miller ndi Murray Porter, onse olandira Juno. Ena amapitirira mpaka kunena kuti blues inachokera ku ng'oma ya eni nthaka. Kumeneko n'kukokomeza. Blues ndi nyimbo ya anthu akuda a kumwera kwa United States, ana ndi adzukulu a akapolo. Chimene tinganene mosakayika n'choti mitundu iwiriyi inakhala moyandikana, inakwatirana, ndipo anthu olandidwa nthaka ndi ana sanafunike womasulira kuti aimve.

Ndalama za blues

Msika wa blues ndi waung'ono, ndipo amene angaganize kuti Shawanda anasamukira kumene kuli chuma akulakwitsa. Palibe mabwalo a anthu 15,000. Pali zikondwerero za nyengo yotentha, kuyambira June mpaka September, makalabu ndi maholo aang'ono, mapulogalamu a sabata ndi sabata pa mawailesi a m'madera ndi a m'makoleji, ndi tchanelo cha B.B. King's Bluesville pa wailesi ya setilaiti ya SiriusXM. Bandi ya anthu anayi kapena asanu imakwana mu minibasi imodzi ndi zida zake.

Koma masamu ake ndi ena. Wokonza chikondwerero safunsa kuti nyimbo yako ili pa nambala yanji sabata ino. Amafuna kudziwa ngati ungagwire anthu ola limodzi ndi theka, ndipo zaka za pa Broadway zija zinali zokonzekera zimenezo. Ukatsika pasiteji umaima patebulo n'kugulitsa wekha. Tiyerekezenso: CD imene yadindidwa pa madola 2 n'kugulitsidwa pa madola 20 imasiya madola 18, ndalama imene pa kontirakiti ija ikanafuna zimbale zoposa khumi, ndiponso ngongole itatha kale. Msinkhu nawonso si mlandu. Koko Taylor anayimba pa mwambo wa Blues Music Awards ku Memphis mu May 2009 ali ndi zaka 80, patatsala milungu yochepa kuti amwalire.

Chimene munthu sangachite yekha ndi kufikitsa chimbale m'masitolo, m'manyuzi ndi kwa oweruza mphoto. Zimbale za Shawanda za 2018, 2020 ndi 2022 zinatuluka kudzera ku True North Records, kampani yodziimira payokha ya ku Ontario imene Bernie Finkelstein anayambitsa mu 1969. Ndi njira yapakati: pali anthu ogwira ntchito yofalitsa, koma palibe wokuuza kuti ufewetse mawu kuti wailesi isachite mantha.

Kufooka kwa njira imeneyi kunaonekera mu 2020. Church House Blues inatuluka mu April, malire a Canada ndi United States atatsekedwa mu March chifukwa cha Covid-19, ndipo sanatsegukenso mbali zonse mpaka November 2021. Zikondwerero zinalephereka. Woyimba wa pa wailesi nyimbo yake imapitiriza kuyenda iye ali kunyumba, koma wa blues siteji ikatsekedwa, tebulo lija latsekedwanso. Chimbale chimene chinadzamupatsa Juno ya blues chinatuluka popanda ulendo wochigulitsira.

Mphoto ziwiri za Juno

Juno ya 2013 ndi ya 2021 sizofanana, ndipo kusiyana kwake kumakhudza oyimba onse a eni nthaka ku Canada. Gawo la mphoto la eni nthaka linakhazikitsidwa mu 1994, Elaine Bomberry wa ku Six Nations ali m'gulu la amene analimenyera. Linatsegula chitseko chimene chinali chotseka, koma kwa zaka zambiri linkaika pamodzi ng'oma ya powwow (msonkhano wa magule a eni nthaka), rock, hip hop ndi country, zinthu zosayerekezeka, chifukwa choti oyimba ake ndi a mtundu umodzi. Ena ankadandaula kuti oweruza akangopereka mphoto imeneyo amaona ngati amaliza, osayang'ananso oyimbawa m'magawo ena. Mu 2022 gawoli linagawidwa pawiri, la nyimbo zamakolo ndi la nyimbo zamakono.

Malamulo amalola chimbale chimodzi kupikisana m'gawo la eni nthaka ndi m'gawo la mtundu wa nyimbo zake. William Prince anachita zimenezi mu 2017 n'kupambana m'gawo la roots, la nyimbo zozikidwa pa zachikhalire. Just Like You inapambana m'gawo la eni nthaka. Church House Blues inasankhidwa mbali zonse ziwiri: ya eni nthaka inapita kwa Leela Gilday wa ku Yellowknife, ndipo Shawanda anatenga ya blues, pa mwambo wa mu June 2021 umene unachitika popanda anthu oonerera m'holo chifukwa cha mliri. Chimbale chotsatira, Midnight Blues cha 2022, chinasankhidwanso m'gawo la blues mu 2023, koma chaka chimenecho mphoto inapita kwa Angelique Francis wa ku Ottawa.